Dzanja la Wokonza Mawotchi

M'kachipinda kake munali mpando umodzi, nsalu yoyera pakhoma, kamera ndi kompyuta yakale yomwe inkalira ngati ili ndi chifuwa. Kwa zaka khumi ndi zinayi mayiyu ankajambula zithunzi za pasipoti, ndipo mawu ake sankasintha: "Khalani mowongoka. Makutu aoneke. Musaseke." N'chifukwa chake anthu a m'nyumba ya maofesiyo ankangomutcha Mayi Musaseke.

Za pa intaneti zinayamba ndi kavuto kakang'ono. Nsalu yoyera ija inayamba kutuluka yotuwa m'zithunzi, makasitomala n'kumabwera akudandaula. Tsiku lina masana, ntchito itachepa, analemba funso lake pa kompyuta ndipo anapeza kanema wophunzitsa kujambula. Mphunzitsi wake ankalankhula ngati akuthamangira basi, moti anachita kumuimitsa kakhumi, koma yankho analipeza: getsi linali patali ndi nsalu. Pambali pa kanemayo panali wina, wonena za kuwala kolowera pawindo. Anamuoneranso. Kenako wina.

Pomatha mwezi anali atalemba m'kope masamba atatu a pa intaneti: la maphunziro aulere, loonerapo zithunzi za ojambula ena, ndi logulitsirapo zithunzi. Loonerapo lija ndi lomwe linamusokoneza mutu. Anaona chithunzi cha mayi wina akufinya zovala, nkhope osaoneka n'komwe, koma kutopa kwake konse kuli m'mikono.

"Ndiye kuti ine zaka zonsezi ndimajambula makutu," anatero yekha.

Pakhomo lolowera m'nyumbayo pankakhala bambo wachikulire wokonza mawotchi, ali ndi katebulo kagalasi ndi kadiso kokuzira zinthu. Ankapatsana moni m'mawa uliwonse, basi. Lachiwiri lina dzuwa linagwera bwino pa tebulopo, ndipo Mayi Musaseke anawajambula bambowo ataweramira wotchi, iwo osadziwa. Chithunzicho chinatuluka chokongola. Dzanja lamanzere linali phee, lamanja losaoneka bwinobwino, ngati likuyenda. Anachitumiza ku tsamba logulitsira lija.

Patapita masiku atatu yankho linabwera. Eni tsambalo chithunzi anachikonda, koma popeza munthuyo ankazindikirika, pankafunika fomu yachilolezo yosainidwa ndi mwiniwake. Anaisindikiza fomuyo, n'kuisunga m'dirowa sabata yathunthu, manyazi atamugwira.

Pomaliza analimba mtima n'kupita nazo zonse, fomu ndi chithunzi.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa komanso kudzapempha," anatero. "Ndinakujambulani osakuuzani."

"Ndiye kuti munandiba, mayi," anaseka mkuluyo. "Tabweretsani ndione ngati ndatuluka mnyamata."

Anaika kadiso kaja pa diso n'kuyang'ana. Kuseka kunatha. Anayang'ana nthawi yaitali, mpaka mayiyo anayamba kusinthasintha miyendo.

"Chithunzichi akachione ndani?"

"Aliyense wotsegula tsambalo. Mwina wina agula, mwina ayi."

"Aliyense." Mkuluyo anachotsa kadiso n'kuloza dzanja lamanja la m'chithunzimo. "Inu mukuona ngati apa ndimagwira ntchito mwachangu?"

"Eya, ndinkaona choncho."

"Ayi, mayi. Likunjenjemera. Linayamba chaka chatha." Analankhula motsitsa mawu, maso ali kwa anthu odutsa. "Ntchito yovuta ndimaigwira m'mawa, lisanalimbe mutu. Makasitomala sakudziwa. Mwana wanga wamkazi sakudziwanso. Akadziwa andikhazika pakhomo ngati mphaka."

Mayi Musaseke anasowa poyang'ana. Mavidiyo onse aja anamuphunzitsa za kuwala ndi mithunzi, koma izi panalibe anamuuza. Anapinda fomu ija pakati.

"Pepani, bambo. Ndikachichotsa pompano, ndi mu kompyuta momwe."

"Ku intanetiko chotsani. Koma ichi mundisiyire." Anachilowetsa m'thumba la jekete. "Ndakhala ndikudzinamiza kuti silikuoneka. Kamera yanu ndi yopanda ulemu."

Mayiyo anachichotsadi masana omwewo, ndipo kwa masiku angapo sanatsegule tsamba lililonse. Moni wa m'mawa ankangoupereka akudutsa mofulumira.

Lolemba lotsatira katebulo kanali kotseka. Lachiwiri mkuluyo anatulukira pakhomo la kachipinda kaja, atanyamula kabokosi ka malata.

"Dzulo ndinali kuchipatala," anatero. "Mwana uja ndinamuonetsa chithunzi chanu, poti pakamwa pankandilemera. Analira, kenako anandikalipira, kenako anandikokera kwa dokotala. Andipatsa mankhwala. Akuti silichira, koma lingachepe."

"Nanga ntchito?"

"Tagwirizana kuti ndiziweruka masana. Ndakana kukhala mphaka." Anaika kabokosi pa mpando wa makasitomala n'kukatsegula. Munali timawilo ta mawotchi, timasipuling'i ndi timivi tosawerengeka. "Awa safuna fomu. Jambulani mmene mungafunire."

Anayamba Lachitatu m'mawa. Anayala nsalu yakuda pafupi ndi windo monga anaphunzirira, mkuluyo n'kumasanja tizitsulo ndi kachitsulo kake kopanira, uku akutsutsa chilichonse. Kawilo aka sikangakhale pafupi ndi ako, ankatero, wodziwa mawotchi akaona atiseka. Pa zithunzi makumi awiri zomwe anatumiza, tsamba lija linalandira zisanu ndi chimodzi. Zinazo linakana, lati fumbi likuoneka.

Miyezi iwiri inadutsa kuli zii. Kenako m'mawa wina uthenga unabwera woti munthu wina, kwinakwake, wagula chimodzi. Mayi Musaseke anasiya kasitomala pa mpando n'kuthamangira pakhomo.

"Bambo, chagulidwa!"

"Chiti?"

Anawaonetsa pa foni. Mkuluyo anayang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Mwa zonse zija asankha cha wotchi yotchipa? Anthu sadziwa zinthu." Anam'bwezera foni. "Mawa ndibweretsa wotchi ya m'thumba, ya malemu bambo anga. Mubwere ndi nsalu yochapa bwino, fumbi lija lisatichititsenso manyazi."