Makina Osoka Mayina a Akufa

Singano itaima, atelala anachotsa malaya pa makina n'kupita nawo pawindo kuti aone bwino. Pathumba panayenera kusokedwa dzina la mwana wasukulu limene iwo anali atangolilemba pa kompyuta. Koma ulusi wabuluu unali utasoka dzina la ahedi amene anamwalira kalekale.

"Zayambanso?" anafunsa bambo wosita zovala, ataimika simbi m'malere.

Atelala anangopinda malayawo. Dzulo lake makinawo anali atasoka "Kanjiwa" pa yunifolomu ya mwana wa eni. Palibe amene ankadziwa dzina limenelo kupatula malemu amuna awo, amene ankawaitana choncho akakhala awiri.

Makina osokera mayinawo ankayendetsedwa ndi kompyuta yakale, yachikasu ngati dzino la nkhalamba, ndipo pulogalamu yake analemba ndi malemuwo. Tsopano mayunifolomu a sukulu yonse anali mulu patebulo, sukulu ikutsegulira sabata yotsatira.

"Mayi, ine ndanena kale," anatero wosita. "Izi zofunika abusa. Munthu akayamba kuitana mayina ali kumanda, ndiye kuti akusowa anzake. Langa lisatulukepo apa."

"Lanu ndi lalitali, lingatithere ulusi," anayankha atelala, koma sanaseke.

Anaimbira foni mlamu wawo, mng'ono wa malemuwo, amene ankalemba mapulogalamu ku kampani ina. Iye anafika masana, n'kuima pakhomo akuyang'ana kompyutayo.

"Alamu, agogo awa akadali moyo?"

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Akudyetsa ana a mkulu wanu amenewa."

Mlamuyo anakhala pa mpando wopanda chotsamira n'kutsegula pulogalamuyo. M'shopumo munangomveka kompyuta ikulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Wosita anasiya ntchito n'kukaima pafupi ndi khomo. Patapita nthawi mlamuyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anali akuwerenga mizere imene mkulu wake analemba, ndi timawu tachipongwe timene ankasiya m'mbali mwake.

"Ndaona pamene pali vuto," anatero. "Makompyuta akale awa amagawa memori yawo m'zigawo, ngati misewu. Kuti upeze chinthu uyenera kutchula msewu ndi nambala ya khomo. Chiyankhulo chimene achimwene analembera pulogalamuyi chimalola adiresi ziwiri. Yaitali imatchula zonse, msewu ndi khomo. Yaifupi imangotchula khomo, poganiza kuti ukadali mumsewu womwewo."

"Ndiye?" anafunsa atelala.

"Mbali yosunga mayina anaipatsa yaitali. Mbali youza singano chosoka anaipatsa yaifupi, chifukwa ndi yachangu. Zaka zonsezi mayina ankakwana mumsewu umodzi. Dzulo msewu unadzaza. Mayina atsopano akukalowa mumsewu wachiwiri, khomo loyamba, lachiwiri. Koma singano ikungouzidwa khomo. Ikupita kukagogoda mumsewu wakale, ndipo akutsegula ndi amene analowamo poyambirira."

"Akufa," anatero wosita.

"Akale, bambo," anayankha mlamuyo.

"Ndi zomwezo."

Atelala anakhala pansi pang'onopang'ono pa mulu wa nsalu. "Mukutanthauza kuti akubwera motsatana, mmene analowera?"

"Eya. Loyamba lija achimwene ankangoyesera makina. Lachiwiri anali kasitomala woyamba. Ndikasintha adiresi yaifupiyo kukhala yaitali, zatha. Ndi ntchito yaing'ono." Anayang'ananso pa kompyuta. "Lachitatu ndi..."

Anasiyira pomwepo. Dzanja lake linachoka pa mabatani.

Atelala sanafunikire kuuzidwa. Makinawo anafika chaka chimene iwo anali oyembekezera mwana woyamba. Amuna awo atamaliza malaya a ahedi aja, anatenga kabulangete koyera n'kusokapo dzina la khandalo. Mwanayo sanafike pokwawa. Anamuika m'manda atamukulunga m'kabulangete komweko, ndipo kuyambira pamenepo dzinalo silinatchulidwenso m'nyumba mwawo. Ana obadwa pambuyo pake sankalidziwa n'komwe.

"Mukakonza, akalewo apita kuti?" anafunsa.

"Sapita kulikonse. Akhala momwemo. Kungoti singano sidzasocheranso kwa iwo."

"Dikirani kaye."

"Mayi, musatero," anatero wosita. "Zogona zisiyeni zigone."

Atelala anadzuka n'kukatsegula kabati. Anasankha kansalu koyera kofewa, n'kukamangirira pa makina. Anachotsa ulusi wabuluu n'kuikapo wachikasu.

"Ndilembe chiyani?" anafunsa.

"Chilichonse, alamu. Makinawa sawerenga zimene mwalembazo."

Atelala anadina chilembo chimodzi chokha. Makina anakhala duu kwa kanthawi, ngati munthu womvetsera pakhomo. Kenako singano inatsika n'kuyamba kugunda. Wosita anatuluka panja. Mlamuyo anayang'ana pansi. Atelala anaima pomwepo osaphethira, akuona zilembo zikutuluka chimodzichimodzi, zopendekera pang'ono, mmene amuna awo anazikonzera tsiku lija. Kumapeto singano inazunguliranso n'kusoka kaduwa kakang'ono. Kaduwako anali atakaiwala.

Makina ataima, atelala anadula ulusi ndi sizasi n'kutchula dzinalo mokweza kamodzi. Mawu awo anamveka achilendo m'chipindamo.

"Pali enanso ambiri kutsogoloku," anatero mlamuyo chapansipansi. "Ena mwina mungafune..."

"Ayi. Konzani tsopano."

Mlamuyo anasintha mizere ingapo. Anayesa pa chigamba, ndipo panatuluka dzina la mwana wasukulu uja bwinobwino. Wosita anabwerera ku simbi yake, koma ankasita atatembenukira ku makinawo, osafuna kuwapatsa msana.

Madzulo mwana wamkazi wa atelala anadutsira pashopupo pochokera kuntchito. Anapeza kansalu koyera katayalidwa patebulo lodulira nsalu, poyera, ndipo anakanyamula n'kuwerenga.

"Amayi, ameneyu ndi mwana wa ndani? Palibe kalasi, palibe dzina la bambo ake."

Atelala anazimitsa makina n'kumukokera mpando.

"Khala pansi," anatero. "Ameneyo ndi mkulu wako."