Mapiritsi a Mwininyumba

Mlendo alibe pakamwa. Izi ndinazidziwa ku Chowe, chaka chachiwiri chithawireni nkhondo kwathu ku Mozambiki, ine Ines ndi mlongo wanga Manuel. Tinkagona m'khitchini mwa a Atumani, tinkalima munda wa a Atumani, ngakhale mchere tinkachita kupempha kwa akazi awo, a Shamima. Anali anthu abwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene unatimanga manja.

Manuel atadwala chifuwa, a Shamima anabwera ndi mapiritsi oyera atawamanga pansonga ya chitenje. Anali otsala kwa amuna awo. Kumeneko mankhwala otsala sataya, amayenda khomo ndi khomo ngati nkhwangwa yobwereka.

"Bambo anachira masiku atatu okha," anatero a Shamima. "Amwe awiri."

Ndinayang'ana mapiritsiwo. Ndinkawadziwa. Kuchimuna kwa amayi athu mapiritsi amenewa sayanjana ndi magazi. Malume anawamwa, maso anachita chikasu, mkodzo unada. Achimwene athu aakulu chimodzimodzi, ndipo iwowo tinawaika. Namwino wa kumishoni anatiuza kuti si ufiti, magazi ena amabadwa otero, amasweka akakumana ndi mankhwala ena. Nanga Manuel, woonda kale ndi njala ndi malungo?

"Amayi, pepani," ndinatero nditagwada. "Kwathu mapiritsi amenewa amapweteka amuna."

"Mankhwala amasankha mtundu?" A Shamima anaseka, kenako kuseka kunatha. "Kapena mukuti tikufuna kumupha? Ife amene tinakutolani muli ndi nsanza?"

Kukana chimene wakupatsa mwininyumba ndi dzanja lake ndi kumutcha mfiti. Kumbuyo kunali mfuti. Kutsogolo kunali kampu, kumene tinkamva kuti anthu akutha ndi kolera. Manuel anandiyang'ana, anatambasula dzanja, nameza a Shamima ali chiimire pakhomo. Anathokozanso, wopusayo.

Ndinayesa nzeru. Ndinati ndizimumwetsa ndekha. A Shamima anakana, ati ife a kutsidya timabisa mankhwala kudenga. M'mawa ndi madzulo ankabwera okha ndi kapu ya madzi.

Tsiku lachitatu Manuel analephera kufika kuchimbudzi, anakodzera m'chitini. Mkodzo unali ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinathamanga nacho chitinicho kukawaonetsa, manyazi nditaiwala.

"Alhamdulillah!" anatero a Shamima, nkhope ili ngwee. "Matenda akutuluka amenewo. Lero amwe atatu."

Sankanama, ankakhulupiriradi. N'chimene chinandipsetsa mtima koposa, chifukwa munthu woipa umatha kumutukwana.

Analowa m'khitchini, nagwada pamphasa ya Manuel, namudzutsa mutu mwachikondi ngati mwana wawo. Manuel, maso ali chikasu, anayasamula. Ine ndinawagwira dzanja. Ndinaligwira zolimba mpaka mapiritsi anagwera m'phulusa.

A Shamima anayang'ana dzanja lawo, kenako ine.

"Bambo akabwerako ku mzikiti asakupezeni muno," anatero motsitsa mawu.

Katundu wathu anakwana m'chitenje chimodzi. Manuel ndinamubereka kumsana, mwamuna wandevu, miyendo ikukwekwereza pansi. Chipatala cha ku boma chinali kutali, ndipo ndinkadziwa kuti akatilemba dzina kumeneko ulendo wotsatira ndi wa kukampu.

Titafika pamsewu anandinong'oneza kukhutu.

"Ines, ukanangondisiya ndimwe. Iwe ukanakhala ndi pogona."