Tulo ta Akwawo kwa Akapelwa

Mutinta pochokera kuchipatala anapeza chikwama chake chili pakhonde, chomangamanga kale. Pambali pake panakhala apongozi ake, ba Namasiku, nkhope ili gwa. Anafika dzulo lake kuchokera ku Mongu atamva kuti mwana wawo Akapelwa, mwamuna wa Mutinta, wagwa kuntchito, mtima utamuthina.

"Akuti magazi yake yadzala mafuta," anatero mayiwo. "Yachoka kuti mafuta? Ni saladi yako. Chilichonse kukazinga. Pita kwanu, nizamuphikira neka."

Zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba ya ku Dambwa imeneyi, lero kuthamangitsidwa chifukwa cha botolo la mafuta ophikira. Zinamuwawa Mutinta. Mawu oti amupulumutse anali nawo, koma ankachita nawo mantha.

M'mawa womwewo dokotala anali atamukhazika pansi. Anati thupi lili ndi wotchi yakeyake, youza munthu nthawi yogona ndi yodzuka, ndipo wotchiyo timatengera kwa makolo. Ofufuza akuona kuti mwa anthu ena chotengera chomwecho chimayendera limodzi ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi. Kenako anamufunsa ngati kwawo kwa mwamuna wake aliko ena osowa tulo ngati iye.

Aliko? Ba Namasiku ankachita kudzitama nazo. Akwawo sagona ngati alesi, tambala amalira iwo atasesa kale pabwalo.

Mutinta anagwada.

"Amai, alongo anu ba Litia anafa bwanji?"

"Anagwa m'munda. Anthu anamuchita chipongwe."

"Nanga ba Sinyinda?"

Mayiwo anayang'ana kumbali. Ba Sinyinda, mlongo wawo wamng'ono, anagwera m'bwato akupalasa, imvi asanamere ndi imodzi yomwe.

"Onse awiri sanadyeko zophika ine," anatero Mutinta motsitsa mawu.

Ba Namasiku anaimirira. Mutinta anangoti basi, ukwati wathera pomwepa.

"Ufuna kukamba kuti nine nadwalitsa mwana wanga?"

"Iyayi, Amai. Adokotala akuti ni zakumtundu, kulibe wolakwa. Mankhwala yaliko. Koma afuna kupima imwe, na ana."

Mumsewu munadutsa minibasi, kondakitala akuitanira anthu a ku Maramba. Mayiwo anaiyang'ana mpaka inakhota. Kenako anakhalanso pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Ukali wonse unali utaphwa, kunatsala mantha okhaokha.

"Lungowe," anatchula mdzukulu wawo, mwana woyamba wa Mutinta. "Lero ninamupeza ali maso kukali mdima. Ninamutamanda. Ninamuuza kuti ni magazi yanga yeniyeni."

Mutinta anangowagwira dzanja, ndipo iwo sanalichotse.

"Mawa utiperekeze kuchipatala," anatero ba Namasiku. "Uwauze ayambe kulasa ine nsingano, kuti mwana asaope."