Penti wa Mtundu wa Njiwa

Lolemba lija kunacha ndi mphepo ya mu Juni, yozizira, yonyamula fumbi la ku migodi n'kumalithira pa mawindo. Ndinali pabalaza nditavala jekete pamene mwana wanga Georgina anafika kuchokera ku Riverside, kumene amakhala ndi mwamuna wake. Sanakhale pansi. Anaima n'kumayang'ana khoma.

Khomalo linali ndi chigamba. Nthawi ya mvula denga linadontha, pulasitala anafufuma n'kugwa, ndipo Ackson, mmisiri wa kuno ku Mindolo, anamatapo simenti. Panatsala chigamba chachikulu ngati lichero, pamwamba pa mpando umene mkazi wanga Mervis ankakhalapo. Mervis anamwalira chaka chatha. Loweruka linali tsiku lovundukula chiliza chake, ndipo pochokera kumanda akulu a mpingo ndi amayi a Mvano anali oti adzafikire kunyumba kuno.

"Atate, anthu achoke ku Lundazi ndi ku Malawi kudzaona chimenechi?" anatero Georgina. "Ackson abwera Lachinayi. Apake balaza lonse kirimu, tithane nazo."

"Ayi."

"Ayi chiyani?"

"Chigamba chokha."

"Ndiye pezani penti wake. Likadutsa Lachitatu musanapeze, ndi kirimu basi. Musadzati sindinanene."

Penti ameneyu anasankha ndi Mervis zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, chaka chimene ndinapuma ukalaliki ku sitolo ya mgodi. Si wabuluu kwenikweni, si wotuwa kwenikweni. Iye ankati ndi wa njiwa. Koma nkhani sinali pa mtundu pokha. Pafupi ndi chitseko cholowera kuchipinda pali malo akuda pang'ono, osalala, a msinkhu wa phewa lake. Miyezi yake yomaliza ankayenda atagwira khoma, ndipo pamenepo ndi pamene ankapumira. Zala zinayi zimaoneka bwinobwino. Georgina amaona litsiro. Sindinamuuzepo kanthu.

Chitini chakale ndinachipeza m'kanyumba ka makala. Dzimbiri linali litadya dzina la kampani ndi nambala yomwe, ndipo m'kati munali mouma ngati mwala. Ndinaganiza zotenga kachidutswa ka khoma lenilenilo. Sindinafune kubaya pamene maso amaona, choncho ndinapisa dzanja kuseri kwa kabati ya mbale, n'kubenthula ndi mpeni kachidutswa konga chikhadabo. Ndinakakulunga m'kampango ka m'thumba.

Kutauni kwathu ku Kitwe ndinayambira sitolo ya pafupi ndi msika wa Chisokone. Wogulitsa, bambo wamimba wotafuna chotokosera mano, anayala timakadi ta mitundu patebulo. Kampani iliyonse inali ndi timakadi take, mayina ake, manambala ake. Ta buluu wotuwa tokha tinali toposa makumi atatu.

"Bashikulu, buluu ndi buluu," anatero, akunditchula agogo m'Chibemba. "Alendo anu adzabwera ndi magalasi a dokotala?"

Ndinatuluka ndi timakadi panja, pa dzuwa, n'kumayerekeza kamodzikamodzi. Kamodzi kanafanana. Ndinagula kachitini kakang'ono. Nditapaka pangodya ya chigamba n'kuuma, kanatuluka kobiriwira ngati madzi a m'dambo.

Lachiwiri ndinapita kusitolo ina ya kampani ina, ndi nambala ya kakadi kaja. Anandiuza kuti nambala imeneyo kwawo ndi yofiirira ya pa mageti. Tinayambanso kuyerekeza. Wawo atauma anaoneka ngati duwa la nyemba. Tsopano chigamba chinali ndi mitundu itatu. Ndinakhala pa mpando wa Mervis, msana kukhoma, kuti ndisachione. Foni inalira.

"Mwapeza?" anali Georgina.

"Ndikufunabe."

"Mawa ndi Lachitatu, atate."

"Kalendala ndili naye."

Ackson anali atandiuzapo kuti ku Ndola kuli sitolo yokhala ndi makina owerenga mtundu. Lachitatu m'mamawa ndinakwera minibasi. Ndinakhala kumbuyo, pakati pa mayi wonyamula matumba a nsomba za kapenta ndi zenera losatseguka, dzanja lili m'thumba pa kampango. Tinaima pa zipata za apolisi kawiri. Tinafika cha m'ma teni.

Pa makinawo panali mayi wa msinkhu wa Georgina, dzina lake litalembedwa pachifuwa, Charlotte. Anayamba ndi Chibemba, koma atamva mayankhidwe anga anatembenukira ku Chinyanja. Ndinamasula kampango n'kumuonetsa kachidutswa kaja.

"Kameneka ndi kamene mwabwera nako kuchokera ku Kitwe? Agogo, mwabweretsa khoma kapena dzino?"

"Khoma."

"Mwachotsa pati?"

"Pabalaza."

Anakaika pa kagalasi ka makina. Anandifotokozera kuti timakadi n'tonama pang'ono, chifukwa ndi pepala, ndiponso penti woyera amene kampani iliyonse imayambira ndi wosiyana, wina wopita kuchikasu, wina kubuluu. Makina anadontheza wakuda, wabuluu, ndi kadontho kamodzi kofiira. Chitini chinagwedezedwa mpaka tebulo kunjenjemera. Kenako Charlotte anatenga kamtengo ka machesi, n'kupaka theka la kachidutswa kanga, n'kuumitsa ndi chowumitsira tsitsi.

"Ndiuzeni pamene ndapaka."

Ndinayang'ana m'sitolomo. Ndinatuluka panja n'kuyang'ananso. Sindinapaone.

"Mwaona? Ine sindiphonya, agogo. Koma makina sasakaniza zochepera malita faifi."

"Ndi chigamba chokha."

"Otsalawo mupake nkhuku."

Ndinabwerera chitini chili pamiyendo ulendo wonse. Nditafika sindinadye. Ndinapala mitundu iwiri ija ndi sandipepa, ndinapukuta fumbi, ndinapaka bwinobwino chigamba chonse. Ali wonyowa anaoneka wowala, koma penti aliyense amatero. Ndinatsegula mawindo, mphepo ikulowa ndi fumbi lake, n'kudikira. Itakwana fo koloko ndinakhudza. Anali atauma. Chigamba chinali chikuonekabe, mwina kuposa kale: chowala, chabuluu, pakati pa khoma lotuwa.

Ackson anafika nthawi yomweyo ndi tepi yake ndi makwerero, atatumidwa ndi Georgina kudzayeza balaza. Anayang'ana chigamba, anayang'ana chitini.

"Akubera a ku Ndola, mdala?"

Ndinamupatsa kachidutswa kaja. Anakagunditsa pa chigamba, ndipo kanasowa m'menemo. Anakasunthira pambali, pa khoma lakale, ndipo kanaoneka ngati kachokera nyumba ina.

"Munabenthula pati aka?"

Ndinaloza kabati.

"Gwirani uko."

Tinatsitsa mbale za Mervis, tinakoka kabati. Sinasunthidwepo chipakireni. Kuseri kwake kunali khoma lina, lowala, lofewa m'maso, lofanana ndendende ndi penti wa ku Ndola. Ndinakumbukira tsiku limene Mervis anaima pakati pa balaza, mpango uli ndi madontho, akundifunsa ngati ndaukonda. Ndinangoti uli bwino.

Ackson anaseka, koma posakhalitsa anasiya.

"Mdala, a ku Ndola sanalakwe. Uyu ndiye penti wa amayi weniweni. Koma uyu," anamenya khoma lakale ndi chikhatho, "uyu sagulitsa kulikonse. Wapangidwa ndi dzuwa la pawindo ili, ndi mbaula imene mumalowetsa muno magetsi akathima. Zaka zonsezi. Mukanabenthula poonekera, bwenzi makina atayesako. Komabe pafupi ndi windo ndi mtundu wina, kuchitseko ndi wina. Mungabenthule nyumba yonse."

"Ndiye?"

"Ndiye chigamba chokha sichitheka. Mupake balaza lonse ndi uyu, kapena lonse kirimu. Zina palibe. Malita faifi akwana. Ndibwera mawa ndi rola yopakira, maola awiri ndatha."

Ndinaganiza zokankhira kabati pa chigamba. Koma ndiye kuti pamene inali pakanatsala poyera, chigamba china chachikulu kuposa choyamba. Kubweza kabati pamalo pake, chigamba cha pa mpando chikhalapobe Loweruka. Ndinayang'ana kuchitseko, pa zala zija. Rola ikanadutsapo kamodzi kokha.

"Usabwere," ndinatero. "Undisiyire makwerero."

"Inu, pa makwerero? A Georgina andipha."

"Siya."

Anawasiya, akupukusa mutu. Asanafike ndi pageti pomwe, foni inalira. Anali Georgina; Ackson anali atamuimbira kale.

"Atate, ndamva. Chabwino, si kirimu, mwapambana. Koma mulekereni Ackson apake. Ndipo ayambe watsuka litsiro lija la pachitseko, limandichititsa manyazi."

Ndinatembenukira kuchitseko.

"Atate? Mukundimva?"

"Ndi dzanja la amayi ako."

Kumbali kwake kunamveka galimoto ikudutsa, kenako mwana akuitana. Ndinadikira pang'ono, n'kuika foni patebulo.

Ndinatenga pensulo ndi rula m'kabati, ndinajambula mzere kuzungulira zala zija, n'kusiya mpata wa chala chimodzi mbali zonse. Kenako ndinakokera makwerero kungodya ya kuwindo, ndinavundula penti, n'kuyamba kupaka kuchokera pamwamba.