Njerwa Zokana Kuuma

Bambo anga anamangira anthu nyumba moyo wawo wonse, koma atabwera kudzakhala nafe amayi atamwalira, anakana kumasula sutikesi yawo. Inkakhala kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo. Akafuna malaya ankasolola amodzi n'kutsekanso zipi. Ndikawafunsa, yankho linali lomwelo: "Mlendo ndi mame, mwana wanga." Ine ndinkadziwa kumene mame amenewo ankafuna kukaumira: kwawo, m'nyumba yopanda munthu, momwe tsiku lina anaterereka m'bafa n'kukhala pansi mpaka oyandikana nawo atawamva. Sindinkafuna kuti abwerereko, ndipo mantha ake ankandisowetsa mtendere.

Chipinda chinali chabwino, chakudya sankadandaula nacho. Chimene chinkawadya n'choti panyumba pathu panalibe choti agwire. Makoma ali chilili, denga silidontha, ndipo mwamuna wanga amakonza mafoni, ntchito imene bambo ankaitcha "yotokosa ndi singano". Awiriwa ankalemekezana mpaka kutopetsa. "Mwadzuka bwanji, akamwini?" "Tadzuka bwino, kaya inu bambo?" Basi, nkhani yatha, ena ayang'ana kudenga, ena pafoni.

Mwamuna wangayo ali ndi kamatenda kake: akaona chinthu chatsopano sapuma mpaka atachiyesa. Chaka chino matendawo anagwera pa pitsa. Tili ndi chowotchera nyama cha makala, chija chokhala ndi waya pamwamba ndi chivundikiro, ndiye iye anati uvuni ndi womwewo. Pitsa yoyamba inatuluka pansi pali bii ngati tayala, pamwamba tchizi asanadziwe n'komwe kuti pali moto. Yachiwiri inadontha pakati pa mawaya. Ndinadya zonse ziwiri chifukwa ndinalumbira kuti pamtendere ndi pamavuto.

Kenako anabwera ndi njerwa. Sizinali njerwa wamba ayi, zinali zoyererako, zosalala, zolemera, zija amati zopirira moto. Anaziyala pawaya, n'kuvundikira, n'kusiya kuti zitenthe pang'onopang'ono makala akuyaka pansi. Atawaza kafulawa n'kuona kuti kakufiira msanga, anatsetserezapo pitsa. Ndisakubisireni, imeneyo inakoma. Pansi panali khirichikhirichi, pamwamba tchizi atasungunuka bwino.

Malamulo a njerwazo anandiwerengera ine kukhitchini, ngati kuti ndinamufunsa. Sizifuna moto wodzidzimutsa. Sizitsukidwa ndi sopo, chifukwa zimamwa, ndipo ukadzaphikapo umadya sopoyo. Zikazizira umangozipala ndi burashi ya waya, mawanga akudawo n'kuwasiya, si litsiro. Koposa zonse, madzi ayi: njerwa yonyowa ikatentha, nthunzi imasowa potulukira ndipo imang'amba njerwayo.

"Bambo wawauza?" ndinamufunsa.

"Ine ndikaphunzitse mmisiri za njerwa? Ukufuna andiseke?"

Ulemu umenewo ndi umene unatipweteka.

Lachisanu lina bambo anatiuza pachakudya kuti Lolemba akubwerera kwawo. Ndinayesa kuwanyengerera, ndinayesa kukwiya, sizinathandize. Mwamuna wanga anangoti, "Ndiye Lamulungu ndikuphikireni pitsa yotsanzikana, bambo." Ndinamuponda phazi pansi pa tebulo. Munthu ndikulimbana kuti asapite, iye akukonza zotsanzikana.

Loweruka tinapita awiri kukagula tchizi ndi tomato, n'kudutsanso kwa mlamu wanga, moti tinabwera dzuwa litapendeka. Bambo anatsala okha ndi njerwa zija, zitasanjidwa pashelefu ya pakhonde, zouma gwa, zamawanga akuda. Tsono mmisiri aliyense amadziwa kuti njerwa youma siigwiritsidwa ntchito. Imayamwa madzi a simenti, khoma n'kufooka. Umayamba waiviika, imwe ikhute. Dzanja la bambo linachita zimenezi kwa zaka zambirimbiri, silikanafunsa munthu. Anazikwecha ndi sopo wanga wochapira mpaka mawanga onse atatha, n'kuzimiza mu diramu ya madzi a mvula kuseri kwa nyumba. Lamulungu m'mamawa anazivuula n'kuziyala padzuwa, ndipo pofika masana kunja kwake kunali kutauma bwinobwino.

Mwamuna wanga atazinyamula anandiyang'ana ndi diso loipa. "Wazipukuta ndiwe?" Ndinamuuza kuti ine njerwa zake sindizikhudza, ndili ndi zochita. Manja ake anali ndi fulawa, mutu uli pa tchizi, ndiye sanafunsenso. Anayatsa makala, anayala njerwa, anavundikira.

Chimene chinandidabwitsa n'choti bambo anabwera kudzaima pafupi, manja kumbuyo, ngati kapitawo. Chibwerereni anali asanaimepo pafupi ndi mkamwini wawo chonchi. Posakhalitsa m'chowotcheramo munayamba kumveka tsiii, ndipo m'mbali mwa chivundikiro munkatuluka nthunzi yonunkhira ngati Loweruka la zochapa.

"Zikulira bwanji izi?" anatero mwamuna wanga akutsetserezapo pitsa.

Bambo anatsokomola pang'ono, chisangalalo chili pankhope. "Musadandaule, akamwini, zakhuta zimenezo. Ndinaziviika dzulo. Munkagwiritsa ntchito njerwa zaludzu, ndiye ndinati ndisanapite ndikuthandizeniko kamodzi."

Nkhope ya mwamuna wanga sindidzaiiwala. Ankafuna kukuwa, ankafunanso kuthokoza, ziwirizo zinakumana pakhosi. Asanasankhe, njerwa yapakati inamusankhira. Inaphulika kuti phu, chivundikiro chinadumpha, ndipo titatsegula tinapeza yang'ambika pakati, pitsa yapindikira mumng'alumo, tomato akudonthera pamakala. Kachidutswa kamene kanapulumuka ndinakalawa. Kanali ndi kakomedwe ka kolala ya malaya.

Ndinaseka, ndivomere, mpaka misozi. Nditapukuta m'maso ndinaona kuti bambo sakuseka. Mwamuna wanga anali atawafotokozera mwaulemu za nthunzi ija, ndipo iwo anangogwedeza mutu. Munthu amene anamanga nyumba zosawerengeka anali ataphwanya njerwa ya mkamwini wake pamaso pa mwana wake. Anati, "Mwaona? Nkhalamba pakhomo pa eni imangowononga." Analowa m'nyumba, ndipo tinamva zipi ija ikulira. Mtima wanga unagwa, kuseka konse kunathera pomwepo.

Mwamuna wanga anapukuta manja pa epuloni n'kuwatsatira. Ine ndinaima pakhomo.

"Bambo, yafa ndi imodzi yokha," anatero. "Zinazi zikhoza kuchira, koma ziyenera kuuma mpaka m'kati, pang'onopang'ono, osati pamoto. Ine ndimakhala kushopu tsiku lonse. Komanso kunena zoona, sindidziwa kusiyanitsa njerwa youma ndi yonyowa. Lero lomwe ndazinyamula m'manja osadziwa kanthu."

Bambo anatembenuka, dzanja lili pa sutikesi. Kenako anati, "Imamveka polira. Youma imalira ngati mbale, yonyowa imangoti du." Anapumira m'mwamba. "Ndawononga ndine. Ndiziumitsa, zikauma ndizipita."

Ntchito inapezeka. Anazikhazika pa timatabwa kuti mphepo izidutsa pansi. M'mawa ankazitulutsa padzuwa, masana n'kuzitembenuza, kukachita mitambo n'kuthamanga nazo pakhonde, munthu yemwe ankati mawondo akumuvuta. Madzulo mwamuna wanga akabwera, awiriwo ankagwada pamenepo, bambo akugogoda njerwa ndi chala, iye atatchera khutu ngati akumvetsera foni yakufa. Anayamba kukangana ngati sopo amachoka ndi dzuwa kapena ayenera kupsa ndi kamoto kochepa kaye. Bambo anaonanso kuti waya wa chowotchera ndi wopendekeka, n'chifukwa chake tchizi ankathawira mbali imodzi, ndipo anatulutsa levulo yawo, ija yoyezera ngati khoma lawongoka, pansi pa zovala mu sutikesi. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti anabwera nayo.

Lolemba lija linadutsa, linzake linadutsanso. Dzuwa linkaswa mtengo, zovala zinkauma ndisanamalize kuyanika, koma njerwa zinkangoti du. Ine si mmisiri, koma si mwananso.

Tsiku lina m'mawa ndinatuluka kukataya madzi, ndipo ndinapeza mwamuna wanga atanyonyomala pakhonde, atavala kale zakuntchito, ketulo ili m'manja. Ankathira njerwa iliyonse timadzi kunsi kwake, mosamala ngati akudontheza mankhwala m'diso. Atandiona anaika chala pamlomo.

"Usawauze bambo," ananong'ona.

Ndinamuyang'ana munthu amene ndinamuponda phazi uja, ndipo ndinamukonda kuposa tsiku limene anandikwatira. Sindinamuuze, angayambe matama.

Patapita masiku angapo ndinaweruka msanga kuntchito chifukwa cha mutu. Nditalowa pageti ndinamva kuti kuseri kuli munthu. Anali bambo, kapu yawo ya tiyi ili m'manja, akutunga nayo madzi mu diramu ija. Anapita pa njerwa, anasuzumira uku ndi uku, n'kuyamba kuzimwetsa imodziimodzi. Atatembenuka tinaphana maso. Anayang'ana kapu, anayang'ana ine.

"Mphepo ya kuno ndi yachinyezi kwambiri," anatero.

"Ndaona, bambo."

"Akamwini asamve zimenezi. Mnyamata uja akuyembekezera njerwa zake."

Ndinalowa m'nyumba kuti asaone nkhope yanga. Podutsa pachipinda chawo ndinaona chitseko chili chotsegula. Kuseri kwake kunalibe kanthu. Sutikesi inali pamwamba pa kabati, zipi yake ili yasa, ndipo malaya awo anali atapachikidwa m'kati, pafupi ndi jekete limene amayi anawagulira. Ndinakhala pabedi pawo n'kulira pang'ono, kenako mutu uja unasiya.

Mpaka lero pitsa sitinadyenso, ndipo tchizi uja ndinamaliza ndi buledi. Madzulo aliwonse pachakudya mwamuna wanga amafunsa ndi nkhope ya munthu wosalakwa, "Zauma, bambo?"

Bambo amayamba atafuna, n'kumeza, n'kupukusa mutu. "Zatsala pang'ono, akamwini. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Onse awiri amayesetsa kusandiyang'ana, ndipo ine ndimangowawonjezera tiyi.