Guluu wa Adokotala ndi Manja a Sipanala

"Zaka makumi atatu ndikumata mapaipi, manja awa sananjenjemerepo," anatero a Sipanala, akuwatambasula pamaso pa adokotala. "Mukatopa m'kati umo, mungondiitana."

Akazi awo, ali chigonere pabedi la m'chipatala, anaseka mpaka kugwira mutu. "Musawamvere awa, adokotala. Mpopi wa kukhitchini kwathu ukudontha chaka chachitatu tsopano."

Adokotala anawaonetsa chithunzi. Mtsempha wina wa mu ubongo wa mayiwo unali utafufuma pambali ngati kabaluni, ndipo ukanatha kuphulika tsiku lina lililonse. Anati sang'amba mutu ayi. Alowetsa kachubu kowonda mu mtsempha wa pantchafu, kayende mpaka kumutu, kenako athire mankhwala amadzimadzi amene amauma n'kutseka pofufumapo.

"Guluu basi!" a Sipanala anawomba m'manja. "Ntchito yanga yomweyi, kungoti inu mumavala zoyera."

"Guluu ndithu," anavomera adokotala. "Koma akapitirira pang'ono n'kutseka mtsempha wabwino, mayi akhoza kudzuka osayankhula, kapena dzanja losagwira."

A Sipanala anatsitsa manja. Zimenezo ankazidziwa bwino. Ali wophunzira anapakapo guluu wambiri polumikiza paipi, wina n'kulowa m'kati, nyumba yonse ya eni ake n'kukhala yopanda madzi. Paipi ija anaidula n'kuikapo ina. Nanga mkazi ungamudule pati?

M'mawa mwake, anamwino akukankha bedi, mayi anakoka malaya a amuna awo. "Bambo, ndikadzuka ndili duu, muzolowere kumadzikalipira nokha."

"Pitani mayi, mukuchedwetsa anthu," anayankha, maso ali kudenga.

Maola anayi anawathera pakhonde. Anamanga mpopi wa pasinki umene sunali kudontha. Anafotokozera mlonda za manja aja kawiri, mlondayo n'kusamukira khomo lina. Kenako adokotala anatuluka, akuvula chipewa.

"Guluu wakhala pamalo pake. Zotsalazo tiona akadzuka."

A Sipanala anakapeza mayi ali chitsinzinire, nkhope yotuwa, chubu cha diripi chili pamkono. Anaima pambali pa bedi osadziwa poika manja. Patapita nthawi maso anatseguka, anayendayenda m'chipindamo, n'kudzaima pa iwo. Milomo inagwedezeka koma mawu osatuluka. A Sipanala anawerama n'kuyandikitsa khutu.

"Madzi," mayi ananong'ona. "Madzi, abwana mmisiri."

Namwino anati awapatse pang'ono chabe. A Sipanala ananyamula kapu ndi manja awiri. Isanafike n'komwe pakamwa inayamba kuvina, madzi n'kutayikira pachibwano, pabulangete, ena pansapato za namwino.

Mayi anakweza dzanja pang'onopang'ono, zala zonse zisanu zikugwira bwinobwino, n'kuwagwira pamkono kuti kapu ikhazikike.

"Zaka makumi atatu," anatero. "Bweretsani kuno, bambo, ndimwe ndekha musanandimize."