Bakha Womaliza wa Tansy

Kwathu kuno ku Minnesota, oweta agalu otola abakha tinagawikana kalekale. Ena amaweta a chionetsero, onenepa bwino, oti akaona matope amayang'ana mbuye wawo ngati akufunsa kuti talakwanji. Ena amaweta osakira, owonda ngati sadya, othamanga osayang'ana n'kutsogolo komwe. Magulu awiriwa amakumana kwa dokotala wa ziweto basi, ndipo kumenekonso amangopatsana moni wa pakamwa.

Arlys Tollefson anatha zaka makumi atatu akufuna galu mmodzi wochita zonse ziwiri. Anampeza mwa Tansy, galu wamkazi wakuda bii, amene anali atapambana kale pa zionetsero koma m'madzi ankalowa osadikira kupemphedwa. Vuto linali msinkhu. Tansy anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ulendo umodzi umene anabereka anatulutsa amuna okhaokha. Dokotala ananena kuti akweretsedwe chaka chomwecho, apo ayi chiberekero chichotsedwe. Arlys ankafuna mwana wamkazi wopitiriza mtunduwo, ndipo galu wamwamuna amene ankamuona woyenera anali mmodzi yekha: Moose, wa Orrin Vandeberg, mlenje wokalamba wouma mutu.

"Moose sakwera agalu a ku saluni," anatero Orrin. "Wanuyo amadziwa fungo la bakha, kapena la sopo lokha?"

"Inu madala, nanga Moose wanuyo anasambapo chibadwire?"

"Amasamba m'dziwe, mmene agalu enieni amasambira. Akhoze kaye mayeso onse a kudambo, mayi. Akakhoza mubwere naye."

Tansy anakhoza mayeso anayi motsatizana. Achisanu, omaliza chaka chimenecho madzi asanaundane, anachitika mu Seputembala pa dziwe la kuseri kwa famu ina. Ine pa mayeso otere ndimaima kumbuyo kwa oweruza, kulandira abakha onyowa n'kumawapachika. Maganizo anga sandifunsa, koma ndimaona zonse.

Lamulo lake ndi lachidule. Galu atole bakha, abwere naye mpaka m'dzanja la mbuye wake. Oonerera asatsegule pakamwa, ndipo chakudya cha galu chisapezeke m'thumba la munthu.

Mfuti inalira, bakha anagwa tsidya lina m'mabango. Tansy anadula dziwe molunjika, osakhotera kumtunda ngati agalu aulesi, n'kubwerera bakha ali kukamwa. Orrin anali pakati pa oonerera, manja m'thumba, ndipo ndinamuona akugwedeza mutu pang'ono. Tansy anatuluka m'madzi. Panatsala mapazi asanu okha.

Apa mpamene Arlys anadzipweteka yekha. Mosaganiza, anakweza dzanja n'kutsina wezulo imene inali lende pachifuwa pake. Pa chionetsero, dzanja likafika pamenepo zala zitatsinana, ndiye kuti muli kachiwindi kouma ka mphotho, ndipo galu amadziwa kuti aime bwino oweruza amuone. Tansy anaika bakha pansi. Anaponya miyendo yakumbuyo m'malo mwake, msana mowongoka, mutu m'mwamba, n'kuima nji. Kunena zoona sindinaonepo galu ataima mokongola chonchija, madzi ali chuchuchu.

"Tola!" anatero Arlys. "Tansy, tola!"

Koma dzanja linali likadali pachifuwa, iye osadziwa. Galu anamva mawu, anayang'ana dzanja, n'kukhulupirira dzanja. Tonse tinkaliona. Orrin anavula chipewa n'kuchifinya, koma pakamwa sanatsegule, ndipo palibe anatsegula. Arlys anabwereza kachitatu.

"Zikomo, mayi," anatero woweruza wamkulu. "Mangani galu wanu."

Pamenepo mpamene Arlys anayang'ana pansi n'kuliona dzanja lake. Analitsitsa pang'onopang'ono. Tansy anali akudikirabe mphotho yake, mchira ukugwedera. Arlys anapisa m'matumba onse, koma munalibe kanthu. Bakhayo ndinakatola ndine.

Kumagalimoto, Arlys anapita yekha kwa Orrin. Ine ndinali pafupi, ndikukhuthula madzi m'nsapato.

"Mwaona nokha mmene amasambira," anatero.

"Ndaona. Galuyu alibe mlandu. Wachita zimene mwamuuza."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinati mayeso onse, mayi. Ndabweza anthu asanu ndi awiri ndi mawu omwewo, ena ali pompano akutiyang'ana. Ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti mwakalamba, mwayamba chifundo."

Orrin sanaseke. Anawerama movutikira n'kumusisita Tansy kukhosi, nthawi yaitali kuposa mmene mlenje amasisitira galu wa mwini. Kenako anakwera galimoto yake n'kumapita. Ndinakwiya naye tsiku limenelo, ngakhale ndikudziwa kuti akanalola, anzake akanamudya wamoyo mpaka chaka chamawa.

Agalu ena amuna analipo, ndipo anthu anamutchulira Arlys mayina awo. Arlys anawakana onse. Ankati uyu chiuno n'chofooka, uyo amaluma bakha mpaka kuswa mafupa, ndipo sanavutike zaka zonsezi kuti amalizire pa galu wongotolera.

Mu Novembala anandipempha kuti ndimuperekeze kwa dokotala, poti sankafuna kuyendetsa yekha pobwerera. Anasaina pepala lochotsera chiberekero osaliwerenga, n'kupereka chingwe kwa namwino. Tansy analowa akugwedeza mchira, osacheuka n'komwe.